Phiko la Tonka

Frane anaponya thumba lakudalo pa tebulo, pakati pa makapu a khofi amene anamalira anasiya osatsuka. Apolisi anali atangolibweza.

"Ndi la ndani ili?" anafunsa mlongo wake.

Tonka sanafunikire kuliyang'ana kawiri. Linali thumba la mpweya lomwe amamangirira kumsana, pakati pa munthu ndi masilinda a mpweya wopumira, kuti likapopedwa limukweze kuchokera pansi pa nyanja. Eni ntchito amangoti phiko. Bambo awo, a Vicko, anawapeza atavala limeneli, litafufuma mpaka m'misoko, koma iwo ali gone pansi, pafupi ndi nangula wa zingwe zawo zowetera nkhono.

"Ndi langa, achimwene."

"Limanyamula zingati?"

"Makilo khumi ndi anayi."

"Munthu wa masilinda awiri achitsulo, mtovu m'chiuno, unyolo m'manja, ayandame ndi kachikwama ka kutchalitchi aka? Zida unamanga ndiwe dzulo lake. Kapena ndikunama?"

Sankanama ayi. Amayi awo, a Nediljka, anali pawindo m'zovala zakuda, maso ali kunja. Chichokereni kumanda sanamuyang'anepo Tonka kumaso, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa pakamwa pa Frane.

Tsiku la ngoziyo kanali koyamba Tonka kutsika ndi masilinda awiri, koma phiko lalikulu panyumbapo linali limodzi lokha, la bambo. A Vicko anamuchenjeza ndithu. "Mwana wanga, kaphiko kakoko n'ka silinda imodzi. Pansi paja madzi amafinya suti yosambirira, umalemera ngati mwala. Dikira tigule lalikulu." Iye anaseka, amvekere, "Ababa, ine ndine wopepuka, si inu a mimba ya vinyo." Liuma analitengera kwa iwo omwewo, nanga akanatani? Madzulo a dzulo lake Tonka anamanga zida zonse, laling'ono kwa iye, lalikulu kwa bambo. Ndi mmene ankakumbukirira. Koma mapiko onse anali akuda, ndipo iye anali atatopa. Tsopano nayenso anayamba kudzikayikira.

"M'boti muja sudzapondamonso," anatero Frane. "Ndipo unene pamaso pa amayi kuti unasokoneza ndiwe."

Tonka anadzuka, n'kutsetserekera ku shedi ya kugombe. Frane anam'tsatira akulalatabe. Zida zake zinali pomwe anansi anaziunjika tsiku lija, mchere utauma mbuu pa malamba. Iye anali asanazikhudzenso. Anagwada, n'kutembenuza masilindawo.

Phiko lalikulu linali pamenepo.

"Waona?" anatero Frane. "Iwe unayandama ndi phiko la ababa, iwo n'kumira ndi lako."

Tonka anakumbukira mmene anapepukira m'madzi tsiku lija, mpaka kudzitama mumtima kuti nkhalamba imangoopseza anthu. Bambo atamukodola kuti atsogole kukwera, iwo amalize kumanga unyolo, anakwera mosavuta ngati botolo lopanda kanthu.  Anagwira lamba wakumanzere wa zidazo, ndipo dzanja lake linakhudza kachingwe.

Paipi yopopera phiko la bambo inali yaitali, ya munthu wamtali. Tsopano inali yopindidwa, itamangidwa pa lamba ndi ulusi wofiira womwe amamangira matumba a nkhono. Tonka sanamangepo ulusi umenewo. Apa m'pamene m'mawa uja unamubwerera wonse. Bambo anamutuma buledi boti lili pafupi kunyamuka. "Thamanga, wotentha, osati wadzulo amene amatigulitsa mayi uja." Atabwerako, bambo anamuveka zida okha ataima kumbuyo kwake, akuimba kamluzu.

"Achimwene," anatero, "taonani apa."

"Ndione chiyani? Kaulusi?"

Pakhomo panachita mdima. A Nediljka anali atatsika nawo, silipasi kumapazi, mpango utapendekeka. Anamukankhira Frane pambali, n'kuwerama movutikira. Anaisisita mfundoyo ndi chala chachikulu nthawi yaitali.

"Tonkayu mfundo yotere samanga," anatero. "Zake zimamasuka zokha, kuyambira nsapato za kusukulu. Iyi ndi ya bambo anu, ngati ya pa chingwe changa choyanikira zovala. Zaka zonsezi sindinaimasulepo, ngakhale ndi mano."

Frane anakhala pansi pa mulu wa zingwe. "Ndiye kuti anasintha okha mapikowo? Ankadziwa kuti kaphiko kaja sikakwana?"

"Bambo ako sankadziwa chiyani za m'madzi? Ankangoyesa kuti akadali mnyamata."

Tonka anafuna kulankhula, kunena kuti akanangomvera, akanangodikira, koma chimene chinatuluka ndi kulira kokhakokha. Mlandu unali utamuchoka, koma chimene chinalowa m'malo mwake chinali cholemera kwambiri.

Frane anatambasula dzanja kuti amasule ulusiwo. Amayi analimenya ngati la mwana woba shuga.

"Usiye."

Kenako ananyamula lambayo, n'kumuika pa phewa la mwana wawo wamkazi. Anamuyang'ana kumaso, natenga dzanja lake lamanzere, lalifupi poyerekeza ndi la bambo ake, n'kulikweza pang'onopang'ono. Zala zinafikira pa batani lopopera ndendende, osafunafuna.