Nkhope ya pa Khoma la Sukulu

Bulashi anali pamwamba pa makwerero, akumalizitsa kulemba chikwangwani cha malo ometera tsitsi, pamene mlongo wake wamkulu anatulukira ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Tsika, iwe," anatero. "Tsika msanga. Watichititsa manyazi."

"Mundidikire kaye, achemwali, pentiyu auma."

"Aume! Bambo akulongedza zovala kunyumba kwako uko, iwe uli pano ukukometsa zilembo?"

Bulashi anatsika makwererowo. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha ntchito yake yojambula pamakoma ndi kulemba zikwangwani. Bambo ake, mkulu wa mpingo wotchuka ndi kulalikira, ankakhala kwa iyeyo chimwalirireni mayi, ndipo Bulashi ankanyadira zimenezo. Madzulo aliwonse ankakhala nawo pakhonde, iye akutsuka mabulashi m'parafini, iwo akumufotokozera nkhani za kale zomwe anali atazimva kale kambirimbiri. Sankatopa nazo.

"Akulongedza chifukwa chiyani?" anafunsa.

"Ukundifunsa ine? Ana a sukulu awalondola mumsewu monse, atawerama, akudzikanda m'khwapa, akukuwa kuti, 'Agogo a pakhoma! Agogo a anyani!' Bambo anachita kupita okha kusukuluko kukaona. Aona. Kodi mutu wako umagwira, iwe?"

Apa m'pamene Bulashi anazindikira chimene anachita.

Nkhani yake inali iyi. Pa nthawi ya tchuthi, mphunzitsi wa sayansi wa pasukulupo, amene ana ankamutcha a Magalasi, anamupatsa ntchito yojambula pakhoma lakunja la kalasi yawo. Anajambula mtima wa munthu, duwa lodulidwa pakati, ndi mafupa a thupi lonse. Pamwamba pa zonsezo a Magalasi anafuna mzere uja wa m'buku lawo: kumanzere nyani woyenda ndi miyendo inayi, kenako wina woweramuka pang'ono, winanso wowongoka kuposa mnzake, mpaka kumapeto munthu woima chilili.

Tsono Bulashi anali ndi kachizolowezi kake. Nkhope ya m'mutu sankatha kuijambula, ankachita kubwereka. Mayi womwetulira wa pachikwangwani cha saluni anali mkazi wa neba wake. Bambo womwa tiyi pakhoma la golosale anali dalaivala wa minibasi. Anthu ankakondwera nazo, ena mpaka kumupempha kuti tsiku lina adzawaike nawonso. Atafika pa munthu womaliza wa pamzerewo, anaganiza kuti ameneyu ayenera kukhala waulemu wake, munthu weniweni. Nanga iye ankadziwa munthu wina woposa bambo ake? Dzanja linangopita lokha: mphumi yotakata, ndevu zoyera zometedwa bwino, kachipsera kapamwamba pa diso. Anatsika pamakwerero tsiku limenelo mtima uli mbee, akuti wawalemekeza. Kuyang'ana amene anali kumbuyo kwawo pamzerewo, ayi ndithu, mutu wake sunamuuze.

Kunyumba Bulashi anawapeza bambo ake atakhala pabedi, chikwama chili chotsegula, malaya atapindidwa bwinobwino. Bulashi anagwada pakhomo la chipindacho.

"Bambo, ndalakwa. Sindinaganize."

"Wajambula bwino," anatero iwo osamuyang'ana. "Ngakhale chipserachi sunaiwale. Luso uli nalo."

"Ndinkati ndikukupatsani ulemu."

"Ulemu? Ine ndaima pa guwa zaka zonsezi kuuza anthu kuti Mlengi anatiumba ndi manja ake, natiuzira mpweya wake. Lero mwana wanga wobereka ndekha wandiimika kutsogolo kwa anyani, kuti aliyense wodutsa aone kumene ndinachokera. Ndikaimanso bwanji pamaso pa anthu aja?"

"Ndikasintha nkhopeyo, bambo. Mawa lomwe."

"Nkhope?" Apa anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo Bulashi anaona kuti m'maso mwawo munalibe ukali. Munali mantha. "Iwe ukuona ngati chikundipweteka ndi nkhope? Tandiuza, mwana wanga. Ngati zili pakhoma zija n'zoona, ngati palibe amene anatipanga, mayi ako ali kuti panopa? Ine ndimadzuka m'mawa uliwonse chifukwa ndikudziwa kuti ndikawapeza. Ukundiuza kuti anangothera m'dothi ngati galu wogundidwa ndi galimoto?"

Bulashi kutchalitchi ankapita, kuimba ankaimba, koma za mafupa ofukulidwa zomwe a Magalasi ankamufotokozera akujambula zinkamvekanso zanzeru. Anali asanaziikepo pamodzi zinthu ziwirizo kuti aone ngati zingakhale m'mutu umodzi.

"Sindikudziwa, bambo," anatero chapansipansi.

"Sukudziwa." Anapinda malaya ena. "Kafufute mzere wonse uja. Wonse. Ukapanda kutero ndikakhala kwa mlongo wakoyu. Sindingamadutse mumsewu umenewu."

Mlongo wakeyo, amene ankakhala kutali ulendo wa basi koma anali atabwera kudzawaona, anangopinda manja ataima pakhomo.

M'mawa mwake Bulashi analawirira kusukulu. Anawapeza a Magalasi akutsuka timabotolo pasinki ya m'kalasimo, ndipo atamva nkhaniyo anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Aa, pepani kwambiri, ajambuli. Ine sindinadziwe kuti ndi bambo anu. Ndinkangoti mwajambula munthu wooneka bwino. Anawo ndiwadzudzula lero lomwe."

"Kudzudzula sikuthandiza, aphunzitsi. Ndiloleni ndifufute mzere wonsewo. Ndikujambulirani china, kaya nsomba, kaya dzuwa ndi mwezi, chilichonse."

"Zimenezo ndiye sizitheka. Khomali si langa, ndi la sukulu, ndipo akuluakulu anavomereza. Komanso mutu umenewu umabwera pamayeso. Ndikafufuta lero chifukwa cha bambo anu, mawa wina abwera kuti mafupawa akumuopsa. Nkhope sinthani, mzere usiyeni."

"Koma bambo akuti mukuphunzitsa ana kuti agogo awo ndi anyani."

"Si zimene timaphunzitsa. Sitinena kuti nyani wa m'phiri uja anabereka munthu. Timati kalekale, zaka zosawerengeka, ife ndi iwo tinachokera ku kholo limodzi, n'kumasintha pang'onopang'ono. Mukawafotokozere choncho."

Bulashi anaseka mosafuna. "Ndikawauze kuti nyani si agogo awo, ndi msuweni wawo? Mukufuna andiponyere ndodo?"

A Magalasi nawo anamwetulira, koma kumwetulirako sikunakhalitse.

"Nanga inuyo mumakhulupirira ziti?" Bulashi anafunsa.

"Ine Lamlungu ndimaimba kwaya, Lolemba ndimaphunzitsa zimenezi. Mafupa anafukulidwa, ajambuli, sindingawakwirirenso. Kwa ine, mwina ndi njira imene Mlengi anasankha kutipangira. Anzanga ena amati Mlengiyo kulibe. Timatsutsana mu ofesi mpaka tiyi kuzizira, ndipo palibe amene wagonjapo."

"Bambo akufunsa kuti mayi anga ali kuti."

A Magalasi anavalanso magalasi awo n'kuyang'ana madzi a musinki.

"Limenelo silili pa zimene ndimaphunzitsa," anatero. "Pepani."

Loweruka, ana kulibe, Bulashi anabwera ndi makwerero ake. Anapaka penti woyera pankhope ya bambo ake, ndipo dzanja linkamulemera ngati akuwatseka pakamwa. Atauma, anayesa kujambula nkhope ya m'mutu. Inatuluka ngati mbatata. Anafufuta, n'kuyesanso. Yachiwiriyo maso anapenyana okha, moti ikanangowonjezera chiseko. Anakhala pamakwereropo akuganiza za anthu onse owadziwa. Dalaivala uja? Wometa tsitsi? Aliyense ali ndi kwawo, ali ndi ana, ali ndi mpingo wake. Kuika nkhope ya mwini kukanakhala kunyamula moto wa m'nyumba mwake n'kukauponya padenga la mnzake.

Pamapeto pake anatulutsa foni, anadzijambula, n'kuyamba kukopera nkhope yake yomwe. Ana akafuna womukuwiza, amukuwize iyeyo. Anagwira ntchitoyo mosamala kuposa kale lonse, ndipo pomwe ankatsika dzuwa linali litapendeka, khosi likuwawa.

Anawachonderera bambo ake kuti akaone okha. Poyamba anakana, koma mlongo wake, amene anali atagona konko kudikira mapeto a nkhaniyo, anati, "Tiyeni, bambo, n'panjira pomwe popita kokwerera basi." Ananyamuka atatuwo tsiku lotsatira atachoka kutchalitchi, kumene bambowo anakhala kumbuyo ndipo sanalalikire. Chikwama ananyamula Bulashi, akupemphera mumtima kuti abwerera nacho.

Anaima pansi pa khomalo. Bambowo anatsamira ndodo yawo n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kuyambira kwa nyani wa miyendo inayi uja, mmodzimmodzi, mpaka kumapeto.

"Anyani aja alipobe," anatero.

"Andikaniza, bambo. Ndayesetsa. Koma inuyo mulibepo. Onani, ndi ineyo."

"Ndi iwe?"

"Ndi ine. Aziseka ine."

Bambowo anapukusa mutu pang'onopang'ono, ndipo mawu awo anatuluka osasa.

"Wangondimeta ndevu basi. Mphumi imeneyo unaitenga kuti? Nanga makutuwo? Ameneyo ndi ine ndili msinkhu wako. Umu ndi mmene ndinkaonekera pamene ndinkafunsira mayi ako."

Bulashi anayang'ana m'mwamba. Anali atakhala ndi nkhopeyo tsiku lathunthu, mphuno yake ili pafupi kukhudza khoma, koma sanaone. Ataima pansipa ndi pamene anaona. Mlongo wake anagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

"Ndifufutanso," anatero Bulashi, misozi ili lengelenge. "Ndiika wina."

"Uika ndani? Mwana wa ndani?" Anamugwira paphewa, ndipo dzanjalo linali lopepuka kwambiri. "Usavutike. Sindikudana nawe, mwana wanga. Koma ndikamaona khomali ndimayamba kudzifunsa mafunso, ndipo pa msinkhu wangawu ndilibe mphamvu zoyambiranso. Ndisiye ndipite ndi chimene ndili nacho."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera basi, mlongo uja atawagwira mkono. Bulashi anakweza chikwamacho paphewa n'kuwatsatira pambuyo.