Katundu wa Eni Ake m'Sutikesi ya Winifred

Winifred anayamba kulongedza Lolemba, ulendo uli wa Loweruka. Mwana wake Abigail anali atachira mwa opaleshoni ku Leeds, ndipo anaitana mayi ake kuti akamuthandize kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndege inkalola sutikesi imodzi ya makilo 23. Anaikamo jasi lochindikala la pakaunjika, mapiritsi a BP okwanira miyezi yonseyo, zitenje zinayi, magalasi owerengera, ndi kajuzi komwe analukira khanda la Abigail.

Lachinayi anapita m'tauni kukasindikiza tikiti. Pobwerera kwawo ku Entumbane anapeza mchimwene wake Pitala ndi mkazi wake Akuzike ali pabalaza, sutikesi itatupa ngati mbuzi yofa dzana.

"Takuthandizani kulongedza, alamu," anatero Akuzike. "Tangowonjezera tochepa ta mwana wathu Nkosana. Adzatenga yekha kuchokera ku Luton."

Winifred anayesa kuinyamula, koma sinasunthe. Atatsegula zipi, fungo la amacimbi, mphalabungu zouma zija, linadzaza nyumba. Munalinso mabotolo asanu a chiponde, thumba la ufa, ndi mvuu yosema pamwala.

"Jasi langa lili kuti?"

"Kumeneko majasi ali mbwee, Abigail akakugulira," anayankha Pitala, maso ali pafoni.

"Nanga mankhwala?"

 Winifred anakawapeza yekha kuseri kwa chitseko, m'jumbo, pamodzi ndi jasi. Kajuzi ka mwana kanali pansi, kali ndi chidindo cha nsapato.

Winifred anakatola.

"Hayi! Ine ndikafe ndi chisanu chifukwa cha mvuu? Nkosana wakeyo, maliro a bambo a Abigail ngakhale uthenga sanatumize. Lero ndakhala bulu wake?"

"Ukulankhula ndi mkulu wako," anatero Pitala.

"Ukulu wake womatsegula chikwama cha mlongo wanu, achimwene? Zovala zanga zamkati mwazigwiragwira. Manyazi mulibe?"

Anakokera sutikesi pakhonde n'kuyamba kuponya zinthu pabwalo. Ufa unafumuka. Botolo limodzi linasweka pasitepe. Mvuu anaikunkhuniza ndi phazi mpaka pageti, anthu oyandikana nawo akusuzumira pampanda.

"Simunakwere n'komwe ndege, mwasanduka kale mzungu!" anakuwa Akuzike, akutola amacimbi m'fumbi.

Pitala anaimirira n'kunena kuti galimoto yake isayembekezeredwe Loweruka.

"Ikhale. Ndinabadwa ndi miyendo," anatero Winifred.

Atachoka, anachapa kajuziko, n'kulongedzanso zonse mwakachetechete. Anabwereka sikelo kubutchala: makilo 19. Malo otsalawo sanaikemo kanthu ka munthu.

Loweruka m'mawa anamuperekeza ndi MaNdlovu wa nyumba yoyandikana, pagalimoto ya mwamuna wake. Pitala ndiye amayenera kumayang'anira nyumba miyezi yonseyo, koma pageti Winifred anaika makiyi m'dzanja la MaNdlovu.

"Akabwera achimwene, muwauze kuti makiyi ndapita nawo."