Mitengo ya Pansi pa Madzi

Felistus anali asanamalize kumanga mphasa pamene kapitao wa komboni anagogodanso chitseko ndi ndodo. Nyumbayo inali ya mgodi, ndipo mgodi sunkasunga akazi amasiye. Mwamuna wake Amos anali atangoikidwa kumanda a ku Kitwe, chifuwa chitamudya pang'onopang'ono.

Felistus ankafuna kutsala kwa amayi anzake a mpingo ku Ndola, koma Patson, mkulu wake wa malemuyo, sanafune n'kumva komwe.

"Mwanayu ndi wa kwathu, mlamu. Akaonedwe ndi agogo ake mvula isanatseke njira."

Choncho ananyamuka wapansi kulowera ku Fort Jameson, mwanayo, Zelipa, ali kumbuyo kwa amake. Anadzera njira ya m'nkhalango imene amuna ankayenda pobwera ku migodi. Midzi ya olankhula Chibemba inayamba kutalikirana, kenaka inatheratu. Kunatsala mitengo yokhayokha ya masamba ofiira, ndi ntchentche zoluma zimene zinkaunjikana pakhosi pa mwana. Pena anapeza chipewa ndi mphika wosweka pambali pa njira, mwini wake osaoneka. Pafupi pake panali mapazi a mkango.

Felistus anaona kuti pa mphambano iliyonse mlamu wake ankaima nthawi yaitali. Atamufunsa, Patson anayankha mokalipa kuti njirayo anayendamo kamodzi kokha, ali pambuyo pa Amos, amene ankaperekeza anthu atsopano kawirikawiri.

Kum'mawa kukugunda, njira inawafikitsa pa dambo lalikulu n'kuzimirira m'madzi akuda. Bango linali lalitali kuposa munthu, tsidya silinkaoneka. Patson analowa molimba mtima, ndipo matope anamumeza mpaka m'chiuno. Felistus anamuponyera nsonga ya chitenje n'kukoka mpaka manja anachita dzanzi. Atatuluka, bamboyo anakhala pansi, maso ali pa mitambo.

Kenaka anadzuka n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa dambo, akuyang'ana mitengo. Anaima pamalo pamene panali zitsa zambiri, zina zakale, zina zongoyamba kuphuka. Anaviika phazi m'madzi n'kuponda chinthu cholimba.

Pansi pa madziwo panali mitengo yoyalidwa motsatana. Anawoloka akufufuza ndi zala za kumapazi, madzi akufika m'mawondo, mitengo ina ikuphwanyika chifukwa chowola. Ali pakati, Patson anafotokoza ndi mawu otsika kuti Amos sankalola munthu kudutsa pamenepo asanadule mtengo umodzi n'kuuyala. Anthu ankamutukwana kuti akuwachedwetsa, nayenso Patson anamutukwana. Amos ankangoti kumbuyo kukubwera ena.

Atafika tsidya, madontho akuluakulu anayamba kugwa. Mkati mwa bango munali chinthu chimene chinkayenda, kuima, n'kuyendanso.

"Tiyeni, mlamu, pano si pokhalitsa," anatero Patson.

Felistus anamasula Zelipa n'kumuika m'manja mwa mlamu wakeyo. Anasolola nkhwangwa pa katundu.

"Mundigwirireko mwanayu, alamu."

Anasankha mtengo wowongoka, wokula ngati ntchafu, n'kuyamba kutema. Patson anatembenukira kubango kuja, mwana atamupanikiza pachifuwa, ndipo sanamufulumizenso.