Injini ya Alamu Anga

Alamu anga a Zondwayo anabwera kuchokera ku Joni ndi pikapu yoyera, koma injini yake sinakhalitse. Inafera pa ulendo wa maliro. Kwathu kuno mwini galimoto sakana maliro, ndiye bokosi, amayi oimba, nkhuni ndi matumba a ufa, zonse zinakwera. Pa chitunda chodutsa mtsinje panjira ya ku Embangweni, utsi unatuluka ngati awotcha tchire. Galimoto inagona pansi pa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira, mpaka alamuwo anabwereranso ku Joni kukavutikira injini yatsopano.

Amene anaimanga ndi a Maclean, makaniko wa pa Boma la Mzimba. Tsiku lokaitenga ndinalipo, ndinapita kukagula zitenje ndi beseni za mkulu wanga Sellah, mkazi wa alamuwo, amene anali woyembekezera.

"Bwana Zondwayo, injini yatsopano ili ngati ng'ombe yongoyamba goli," anatero a Maclean. "Osaithamangitsa, osaisenzetsa katundu mpaka ikhwime. Singano yoonetsa kutentha iyi ikayandikira pofiira, imani, izizire. Mukaiumiriza, mbwenu mwakwirira yachiwiri."

Alamu anawasunga mawuwo kuposa a m'Baibulo. Ankayenda pang'onopang'ono mpaka njinga zonyamula makala zinkatipitirira, eniake akutiimbira belu. M'mawa uliwonse ankasolola kachitsulo ka oyilo, kukayang'ana, kukanunkhiza. Ine ndinkawaseka kuti m'nyumba muno oyembekezera alipo awiri. Sellah ankaseka nane.

Zinachitika dzuwa lili pamutu. Sellah ankatonola chimanga pakhonde, kenaka anandiitana ndi mawu achilendo. Mwezi wake unali usanakwane, koma magazi anali atanyowetsa kale mphasa. Tinayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, ine ndinakhala pansi n'kuika mutu wake pamiyendo panga.

Sindiwanamizira alamu, poyamba anathamanga ndithu. Koma titawoloka mtsinje uja n'kuyamba chitunda, ndinamva liwiro likuchepa. Kenaka tinaima. Anatsika, natsekula boneti.

"Ndapota alamu, tiyeni!" ndinakuwa.

"Singano yafika pofiira, Judith. Ikafa apa tiyenda pa chiyani?"

"Munthu akutha kuno!"

"Pang'ono waka, izizire."

Mwina ananena zoona. Ndaganizira zimenezi kambirimbiri, ndipo sindidziwa za injini. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaona mmene anaikira dzanja pambali pa galimotoyo, mofatsa, akumvetsera, pamene dzanja la mkazi wawo linali m'manja mwanga likuzizira. Ndinawada pomwepo, ndipo mpaka lero sindinasiye.

Sellah anatsekula maso. "Asiye, Judith," anatero. "Anavutika nayo chomene."

Sanayankhulenso. Panjira panadutsa ngolo ya ng'ombe yonyamula njerwa, mwiniwake anatiyang'ana n'kuvula chipewa. Singano itatsika tinanyamuka.

Ku chipatala anamwino anathamanga naye, anachita zonse zimene akanatha. Madzulo mmodzi wa iwo anatuluka n'kutiitanira pambali. Sellah anali atatisiya, mwananso sanapulumuke. Ndinamufunsa namwinoyo ngati tikanafika msanga zikanasintha. Anangoyang'ana pansi, n'kundigwira paphewa. Alamu anali kumbuyo kwanga, anaona zonsezo.

M'mawa mwake pikapu yomweyo inanyamula bokosi. Amayi a chigwirizano anakwera, achibale anakwera, ena kulendewera m'mbali, chifukwa maliro sabweza munthu. Ndinkadikira kuti alamu adandaule za katundu. Koma anangoliza injini n'kuponda moto.

Sindinaonepo galimoto ikuthamanga chotero pa msewu wafumbi. Bokosi linkagunda m'mbali, amayi anasiya nyimbo n'kugwirana. Titafika pamalo tinaima paja anapondanso kwambiri, injini ikulira ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Ndinasuzumira pagalasi la kumbuyo. Sankayang'ana msewu, ankayang'ana singano, misozi ili mbwembwembwe. Apo ndinazindikira kuti akufuna kuipha injiniyo. Ikanaphulika pamenepo, bwenzi akudziwa kuti dzulo lake anachita bwino kuima.

Sinaphulike. Sinatsokomole n'komwe. Tinafika kumudzi fumbi lili kobo, galimoto ili bwinobwino.

Patapita masiku, a Maclean anabwera kudzapepesa maliro. Za kuima kuja sankazidziwa, palibe anawauza. Anakhala pamphasa, ananena mawu awo achitonthozo, koma makaniko ndi makaniko. Potsanzika anadutsa pa mango paja n'kupempha kiyi. Analiza injini, anatchera khutu, nkhope yawo n'kuwala.

"Yewo chomene, bwana, mwaisunga," anatero. "Yakhwima iyi. Tsopano thamangani nayo mmene mungafunire."

Alamu anali chiimire pakhomo, pafupi ndi beseni latsopano lija, zitenje zili momwemo zosafutukula.

"Ndithamangire kuti, a Maclean?" anafunsa.

A Maclean anandiyang'ana ine kuti ndiwathandize. Ndinatenga ndowa n'kupita ku mjigo, injini ikulirabe kumbuyo kwanga.