Mtengo wa Njinga ya a Blasius

A Wadson anaponda chitsulo cholizira njinga yamoto kachisanu ndi chiwiri. Njingayo inangotsokomola n'kukhala chete.

Munali m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo panali patangopita masiku anayi chiikireni m'manda akulu awo, a Blasius, mlangizi wa thonje wa ku Phalula. Phulusa la pamaliro linali lisanasesedwe, koma a Wadson anali ataitana kale wogula, a Hassani, wamalonda a nsalu wa ku Balaka.

"Yatsatira mwini wake iyi," anatero a Hassani akugogoda thanki. "Petulo alimo, moyo mulibe. Ndipereka K70, ndikaiphwasule."

"Onjezani pang'ono, achimwene."

"Iyayi. Mtembo saukwezera mtengo."

Martina, mkazi wa malemu, anali pamkeka pakhonde, mutu wometa. Azimayi anali atamuuza kuti namfedwa salankhula za katundu asanasudzulidwe. Iye anadzuka, natsika pakhondepo akukoka mwendo wake wamanzere, waufupi chibadwire.

"Alamu, mukugulitsa chiyani pabwalo panga?"

"Khalani pansi, alamu. Katundu wa mwamuna ndi wa kwawo. Mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Ndikudziwanso amene anatola thonje zaka zitatu kuti njingayi igulidwe. Inu munatolako liti? Mwana wa akulu anu, Rose, akufunika fizi ku sekondale. Akadya mwambo?"

A Wadson anaseka. "Chitsulo chakufachi chiphunzitse mwana?"

Pansi pa mtengo wa mango panakhala a Elliam, tcheyamani wa chipani m'deralo, baji pachifuwa. Anabwera kudzapepesa maliro. Martina anatembenukira kwa iwo.

"A tcheyamani, mwamva nokha. Alamu anga akuti njingayi ndi yakufa, mtengo wake K70. Atenge K70 yawoyo, apite nayo kwawo. Ine ndikaigulitsa kuposa apo, yapamwambayo ndi ya Rose. Mukuvomera, alamu?"

"Ndavomera. Ingakhale tambala imodzi, tengani."

"Ndamva," anatero a Elliam. "Ndipo zimene ndamva ine sizibwezedwa."

Martina anagwada pambali pa njingayo, napisa dzanja pansi pa mpando, natembenuza kanthu. Anadikira pang'ono. Kenako anakwinyira chitenje m'maondo, nagwira zigwiriro, naponda kamodzi ndi mwendo wamanja. Njinga inalira, nkhuku n'kubalalika pabwalo.

"Mwaichita chiyani?" anafunsa a Wadson.

"Pali kampopi kachiwiri kotsekera petulo. Akulu anu anakaika chaka chija munkaitenga osapempha, n'kuibweza thanki itauma gwa. Sanafune kukukalipirani. Anati, mng'ono wanga aziona ngati yawonongeka, tisadane. Ine ndinati akuuzeni pamaso. Lero ndakuuzani ine."

A Wadson anayang'ana kwa a tcheyamani. A tcheyamani anali kuyang'ana mango.

A Hassani anaizungulira njingayo, khutu ku injini. "Mayi, K200."

"K350."

"Matayala atha awa."

"Lakumbuyo ndi la mwezi wa Epulo, risiti ndili nayo. Injini simatuluka utsi, mukuona nokha. Kapena ndiitseke, mukaiphwasule?"

"K280, mayi. Nanenso ndili ndi ana."

"Anu ali ndi bambo. K330, ndipo bulubuku ndikupatsani lero lomwe."

A Hassani anapukusa mutu akuseka. "Wallahi, mukanakhala pamsika wa Balaka tonse tikanatseka." Anamasula thumba, nawerengera K330 m'manja mwa a tcheyamani. A Elliam anapatula K70 n'kupatsa a Wadson, amene anailandira osayang'ana munthu. Yotsalayo Martina anaimanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

"Koma kathabwa aka ndikachotsa," anatero a Hassani, akuloza thabwa laling'ono lomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa chopondera chamanzere cha wokwera kumbuyo. "Kakuipitsa njinga."

"Musakagwire. Sikali pamtengo."

Martina anatenga sipanala m'kachikwama ka pansi pa mpando, namasula yekha mabawuti awiriwo. A Blasius ndiwo anasema kathabwako kuchokera ku mlombwa, nakayeza katatu, kufikira mwendo waufupi wa mkazi wawo utaponda bwino osalendewera. Pakati pake panali patakumbika ndi chidendene.

Mayiyo anaonetsa a Hassani pamene panali kampopi kaja. Njinga itatuluka kulowera kumsewu, Martina anabwerera pamkeka, napukuta fumbi pa kathabwako ndi chitenje, nakaika pansi pa phazi lake lamanzere.