Mphepo Ziwiri ndi Abusa a Shazi

Chamba chimene Mama ankafuna kudzala chikanatha kukwana pamalo oimikapo galimoto ziwiri. Mchimwene wanga Mzoxolo ankati tiwagulire mahekitala khumi. Ine ndinali nditangomaliza digiri ya masamu ku Durban ndipo ntchito inali isanandipeze, choncho banja linagwirizana kuti popeza ndimangokhala, ndine ndinene kukula kwa malo oti tigule.

Nkhani yonse inali pa mbewu. Mama anachoka kwathu ku Pondoland, m'chigwa cha Mzintlava, chaka chimene ndege zinapopera mankhwala m'minda mpaka chimanga ndi maungu zinapserera limodzi ndi chamba. Anatenga ife ana awiri, mabulangete, ndi botolo la khofi lodzaza njere. Mbewuyo inali ya amayi awo, amene anailandira kwa apongozi awo. Imatalika kuposa munthu, masamba ake ndi owonda, ndipo tiyi wake ndi amene amatsegula chifuwa cha Mama mphumu ikawagwira. Ku Umlazi, kumene tinkachita lendi, sakanatha kudzala. Poyamba ankaopa apolisi. Khoti lalikulu litalola kuti munthu wamkulu azilima chake pakhomo pake, panatsala kuopa mwini nyumba ndi anyamata a mumsewu. Kubwerera kumudzi kunalinso kosathandiza: munda wathu anaupereka kwa ena, ndipo chigwa chonse tsopano chimadzala mbewu zakunja zimene ogula amafuna. Mungu wake wasakaniza chilichonse. Masamba amene azakhali ankatitumizira ankangowathamangitsa mtima Mama.

Chaka chilichonse Mama ankaika njere khumi pakansalu konyowa kuti aone zamoyo. Kale zinkamera zonse. Chaka chatha zinamera zisanu. Chaka chino zitatu.

"Chaka chamawa ndizidzathirira miyala," anatero akutseka botolo.

Ndalama za penshoni ya malemu bambo za kumigodi zinali zitatuluka, mvula inali pafupi, ndiye Loweruka lina Mzoxolo anatinyamula pa minibasi yake kupita chakumtunda kwa Port Edward, kumene kunali malo ogulitsa.

Wogulitsa malo, mayi wina wamagalasi akuluakulu dzina lake a Moodley, anatipititsa kaye pa malo amene Mzoxolo anawakonda pa foni: mahekitala khumi, osalala, okhala ndi damu komanso mitengo ya mapeyala. Mzoxolo anatambasula manja ngati wagoletsa chigoli.

"Mama, mwaona? Mudzala pakatikati penipeni. Mungu wa munthu wina ukafike bwanji kumeneko? Ukwera takisi?"

Mama anayenda pang'ono n'kuima. Anakweza mphuno m'mwamba n'kununkhiza.

"Ndani akuphika maswiti kuno?"

Fungolo linkachokera kuseri kwa waya, kumene kunali timanyumba ta pulasitiki todzaza chamba cha mitundu yakunja. Pasanapite nthawi kunatulukira mzungu wachinyamata wopanda nsapato, tsitsi atalimanga kumbuyo. Anati dzina lake ndi Ruan, ndipo atamva zimene tadzera anasangalala mpaka anagwira Mama chanza ndi manja awiri.

"Mbewu ya makolo ya ku Pondoland? Gogo, imeneyo ndi golide! Koma pempho langa ndi limodzi. Mitengo yaimuna muzizula msanga. Yanga ndi yaikazi yokhayokha, ikalandira mungu ibereka njere, basi ndaluza chaka."

"Wati ndizule chiyani?" Mama anandifunsa ine, ngakhale anali atamva bwinobwino.

"Yaimuna, Mama."

"Mufunse ngati iyeyo anabadwa kwa amayi ake okha."

Ruan anaseka n'kuvomera kuti nayenso amasunga iwiri yaimuna kuseri kwa khola, yoyesera mitundu yatsopano. Anawonjezera kuti mnzake wa kutsidya kwa msewu ali ndi yambiri. Apo nkhope ya Mama inatsekeka. Iwo ankaopa amuna ake, iye ankaopa amuna awo, ndipo pakati pawo panali waya woti nkhuku n'kudutsa osawerama.

Masana tinakhala m'minibasi tikudya magwinya, mandasi akuno, ndi soseji ya poloni. Mzoxolo anandigunda ndi chigongono.

"Tiuzeni, a pulofesa. Tinakugulirani mabuku zaka zonsezi. Pakati pa mahekitala khumi si patali?"

"Bhuti," ndinamuyankha mchimwene wanga, "malo amenewa ali ngati bokosi. Mukaima pakati, waya uli pa mamita osakwana mazana awiri. Mpira woponya bwino kawiri wafika."

"Nanga tikagula makumi awiri?"

"Mwawonjezera mtunda woti mwana n'kuthamanga osapuma. Malo akamakula kawiri, pakati sipatalikira kawiri. Kuti waya ukhale pa kilomita imodzi mbali zonse, mugule mahekitala mazana anayi."

"Mazana anayi! Ndigulitse minibasi, iwe ndi digiri yako yomwe?"

"Ndipo mungu sudziwa kuti kilomita imathera pati. Tsiku la mphepo umapitirira."

"Ndiye sukulu yonse ija yatiuza kuti n'zosatheka. Zikomo kwambiri, sisi. Patse poloni wangayo."

Mama anapukuta zala pa kansalu n'kuyang'ana kunja. "Ngati palibe malo okwanira, tibwerere. Ndikazidzala m'chitini pawindo, zikafere pamaso panga."

Mawu amenewo anandilasa. Komanso, ndisaname, anandikwiyitsa ngati funso la mayeso limene yankho lake likuoneka kuti kulibe. Funso lotere nthawi zambiri limakhala kuti lafunsidwa molakwika. Ndinatsika m'minibasi n'kuyamba kuyendayenda m'mphepete mwa msewu.

Aliyense wokulira kugombe lino amadziwa kuti mphepo zathu ndi ziwiri. Ina imachokera chakumpoto cha kum'mawa, yotentha ndi yonyowa. Ina imachokera chakum'mwera cha kumadzulo, yobweretsa mvula ndi kuzizira. Zonse zimayenda motsata gombe, ngati basi yopita ndi yobwera pa msewu umodzi. Timadziwa zimenezi poyanika zovala, koma sitiziganizira pogula malo. Ife tinkayesa kudziteteza mbali zinayi, pamene mdani amalowera makomo awiri okha. Ndipo pa makomo awiriwo sipankafunika kuti malowo akhale athu. Pankangofunika kuti pasakhale chamba.

Ndinapita kwa a Moodley, amene ankadya nthochi m'galimoto yawo.

"Mayi, mulibe malo amene anthu a chamba amawakana?"

Anatsitsa magalasi. "Alipo, koma sindikupititsaniko. Ndi hekitala imodzi ndi theka, potsetsereka. Mbali ina ndi phompho la mtsinje, nkhalango yotetezedwa ndi boma. Mbali inayo ndi mishoni ya abusa a Shazi. Anthu atatu abwererapo chifukwa cha iwowo."

"Abusawo atani?"

"Amadana ndi chamba kuposa Satana. Mishoni ili ndi mahekitala makumi anayi, nthochi ndi tchire, ndipo amaiyendera yonse ndi chikwanje. Anyamata akabisa kamunda m'tchire, amazula n'kukatentha pabwalo la tchalitchi. Analimbikitsanso mamembala awo a m'mudzi wa kuseri kuti azichita chimodzimodzi."

Ndinatsegula mapu pa foni. Phompho linali chakumpoto cha kum'mawa, lalitali mpaka kumene maso sangafike. Mishoni inali chakum'mwera cha kumadzulo. Kamalo kogulitsako kanapanikizika pakati ngati nyama pakati pa buledi. Ndinatembenukira kwa a Moodley.

"Tipititseni."

Malowo sanali okongola. Panali miyala, udzu wofika m'chiuno, kanyumba ka zipinda ziwiri kopanda chitseko chakumbuyo, ndi kasupe wamng'ono m'munsi. Mzoxolo anatsika n'kugwira m'chiuno.

"Tasiya damu ndi mapeyala kuti tigule malo oti mbuzi imafunika mabuleki?"

Ndinawafotokozera za mphepo ziwiri, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Mama anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafukula dothi ndi chala, n'kulifinya, n'kulinunkhiza.

"Kwathu tinkalima potsetsereka chonchi. Madzi sakhala m'mizu." Anayang'ana kumene kunali denga la tchalitchi. "Ndiye ukuti mlonda wathu ndi abusa?"

"Mlonda waulere, Mama. Chachikulu, asadziwe."

"Ayi."

"Mama..."

"Zimkhitha mwana wanga, ndabisa mbewu iyi m'mapanga, m'chimanga, m'sutikesi, pansi pa bedi la lendi. Pa malo ogula ndi thukuta la bambo ako sindibisanso. Tiye tikawapatse moni."

Sitinafunike kupita kutali. Abusa a Shazi anali atationa kale ndipo ankatsika motsata waya, munthu wamtali wowonda, atavala jombo za mphira ndi kolala yoyera, chikwanje kudzanja. Anapatsana moni ndi Mama mwaulemu wonse, kufunsana mafuko ndi kumene anachokera. Atamva kuti Mzintlava, nsidze zawo zinakwera.

"Mayi, ndikufunseni mosapita m'mbali. Mudzalapo chiyani pano?"

"Chimanga, nyemba, maungu, ndi chamba cha amayi anga, abusa. Chochepa, cha chifuwa changa. Sindigulitsa."

"Onse amatero."

"Inu mudzaona nokha, waya wake ndi womwewu."

Abusa anabaya chikwanje pansi. "Lamulo la dziko likukulolani, sindingakuletseni. Koma mumve bwino. Kamtengo kamodzi kakadzamera mbali yanga, ndidzazula. Ndipo kuyambira lero ndiziyendera tchire lonseli kawiri kuposa kale."

"Mulungu akupatseni mphamvu m'miyendo," anatero Mama. "Ndi chifukwa chake tikugula pano. Mwana wangayu ndi wa masamu, wapeza kuti mphepo yochokera kwanu ndi yoyera kuposa ina iliyonse m'dera lino. Mukamazula cha anyamatawo, mungu wake sufika kwa ine, mbewu yanga ikhala momwe ndinailandirira."

Mzoxolo anadzigwira pakamwa. Ine ndinayang'ana pansi, ndikudikira kuti masamu anga onse agwe.

Abusa anayang'ana tchire la mishoni, kenako malo aja. Ndinkawaona akuyenda m'funsolo monga ndinayendera ine, akugogoda khomo lililonse. Akasiya kuzula, chamba chidzadza malo a tchalitchi. Akapitiriza, akulondera munda wa mayi wa ku Mzintlava. Khomo lachitatu panalibe. Anandiyang'ana.

"Ndiwe unaganiza zimenezi?"

"Ndine, abusa."

"Sukulu yanji imeneyo?"

"Ya boma, abusa."

"Zikuoneka." Anazula chikwanje chawo. "Ine sindilimira inu, mayi. Ndimatsuka malo a Ambuye. Ngati mphepo ikutengerani phindu, mukafunse mphepoyo. Mapemphero amayamba m'mawa Lamulungu, mipando ilipo."

Tinagula hekitala imodzi ndi theka ija. Mzoxolo anadandaula njira yonse yobwerera, kenako anabwera ndi anzake awiri kudzaika chitseko ndi kutchetcha udzu. Mama anafesa theka la botolo, theka linalo anasunga poopa tsoka. Zambiri sizinadzuke. Zimene zinadzuka zinali zokwanira: anasankha zamphamvu, nazidzala pansi pa thanthwe loyang'ana kum'mawa, zazikazi pang'ono ndi zazimuna ziwiri. Pofika mwezi wa Malichi zinali zitandipitirira kutalika, ndipo m'mawa wina wopanda mphepo ndinaona Mama akugwedeza yaimuna pang'onopang'ono, kafumbi kachikasu kakugwera pa inzake.

Sindinganene kuti palibe mungu wachilendo ndi umodzi womwe umene unadutsa. Masamu salonjeza zimenezo. Chimene ndinganene n'chakuti titakolola, Mama anaika njere khumi zatsopano pakansalu konyowa, ndipo zinamera zonse. Anazisiya zikule m'zitini mpaka masamba enieni atatuluka, owonda ngati zala za mwana, ndipo anathyola limodzi, n'kulifikisa, n'kundiika pamphuno. Silinkanunkha maswiti. Linkanunkha khonde la agogo anga.

"Uwauze achimwene ako abwere adzaone mahekitala awo mazana anayi," anatero.

Abusa a Shazi amadutsabe pa waya ndi chikwanje chawo. Akazula kanthu m'tchire, amakakweza m'mwamba kuti tikaone, ngati chidzudzulo. Mama amawaombera m'manja n'kuwapatsira dzungu pamwamba pa waya. Abusa amalandira, n'kunena kuti ndi la ana a Sande sukulu.