Madzi Anabwera Dzuwa Likuswa Mtengo

Mtsinje wa kwathu dzina lake ndi Kaziwe, koma mutauona lero mukhoza kuseka. Dziwe lake liti? Ndi mchenga wokhawokha kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula itagwa, ndipo mvulayo masiku ano imabwera pamene yafunira. Amayi anga, aKeziya, amati ali mtsikana ankadzala chimanga kumapeto kwa Okutobala, chikondwerero cha ufulu chikangotha. Chaka chatha tinalowa Disembala mbewu zili m'nyumba, ife maso kumwamba.

Anthunso tachuluka. Kale mudzi wathu, kuseri kwa Zemba kuno, unali pawiri. Kumtunda kwa mtsinje kunali mabanja a gule wamkulu, kumunsi mabanja amene anatsata amishoni, pakati pali thengo loti mwana sakanadutsa yekha. Thengolo linatha kalekale. Nyumba zinakumana, takwatirana, ndipo pa mzere wa feteleza timakankhana tonse osafunsana za mpingo. Koma mjigo ndi umodzi, ndipo chaka chimenecho ukaupopa unkangolira osatulutsa kanthu.

Ndiye tinatsikira mumtsinje kukafukula mchenga. Madzi akathawira pansi, ife kuwatsata, mpaka dzenje linazama moti mwamuna wamtali ataima pansi n'kukweza manja sakanafika pamwamba. Amuna anatikhomera makwerero a bulugamu, olemera ngati chitseko cha khola. Mmodzi ankatsika ndi kapu kukadikira madzi kuti asonkhane, ena pamwamba kukoka ndowa ndi chingwe.

Wotsika kwathu anali Amayi, ndipo panalibe wowaletsa. "Atsikana inu mumatunga ngati mukumenyana ndi madzi," ankatero. "Mumangovundula matope." Mtsikana wake ndine ine, Fyness, mayi wa ana anayi, woyamba Juliet ali kale ku sekondale ku Chadiza. Ndinakangana nawo mpaka kutopa. Maondo awo ndi otha, potsika ankachita kubuula, koma ukawauza kuti akhale pamthunzi unkayamba nawo nkhani ina.

Amayi saopa njoka, saopa abusa, saopa munthu. Chimene amaopa ndi nyau. Nthawi yawo, ana opita kusukulu ya mishoni ankatchingidwa m'njira ndi zilombo, anthu a gule ovala nyau aja, ndipo tsiku lina chilombo china chinawapeza ali okha n'kuwakwapula mpaka kuwasiyira chipsera pa katumba. Zinthu zinasintha, masiku ano ana a mbali zonse amakhala pa desiki imodzi, koma mwa Amayi simunasinthe kanthu. Anatilera nako kuopako. Ukamva kulira kwa chilombo, usayang'ane, usafunse, bisala.

Tsiku limene ndikunenali, m'Disembala momwemo, ng'oma zinayamba m'mawa kumtunda, kumene ankatsegula chiliza cha mkulu wina. Dzuwa linali loti ukaponda mchenga wopanda nsapato uvina wekha. Kumapiri a ku Mozambiki kunali kutada bii kuyambira dzulo lake, kukugunda chapansipansi, koma mitambo imeneyo inali itatinamiza kambirimbiri, tinasiya kuiwerengera. Masana anthu anali atatha pachitsime. Tinatsala atatu: Amayi pansi, ine pa chingwe, ndi Lonia, mnzanga woyandikana naye nyumba.

Ng'oma zinangoti zii. Kenaka tinamva kulira kuja, kochepa mawu, kobaya m'makutu, kukuchokera kuminda. Lonia sanatsanzike n'komwe. Ndowa uko, nkhata uko, iye liwiro kukwera gombe.

"N'chiyani icho?" anafunsa Amayi m'dzenjemo.

"Chilombo, Amayi. Chikubwera kuno. Kwerani msanga!"

"Ndikwere ndi maondo ati? Chindipeze ndili pakati pa makwerero? Zula makwererowo chingatsikire muno, iwe ukabisale."

"Ndikusiyeni m'dzenje?"

"Ndati zula! Chikadutsa ubwera."

Kulirako kunamvekanso, pafupi tsopano. Ndinakoka makwerero aja, sindidziwa mphamvu ndinazitenga kuti, n'kuwakwekweza pamchenga mpaka anandikanika. Ndinawasiya pomwepo, ndinakwera gombe n'kudzipanikiza kuseri kwa chulu.

Chinatulukira m'munda wa thonje wa tsidya lina. Mutu wonse nthenga, thupi lopakidwa dothi, m'manja chikoti. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sichinkavina kapena kunyang'wa monga zimachitira. Chinkathamanga ngati munthu wothamangitsidwa, chikupunthwa m'mizere. Chinalumphira mumchenga, chinaona ndowa zathu, chinazungulira, kenaka chinasuzumira m'dzenje.

Apa mantha anasanduka ukali. Nkhalamba yakulakwira chiyani? Ndinatola mwala, n'kuimirira. Chinandiona, ndipo m'malo mondithamangitsa chinayamba kudumphadumpha, kulira, chikoti chikuloza kumtunda kwa mtsinje. Chiloze, chilire, chilozenso. Ine mwala m'manja, pakamwa yasa.

Choyamba kundipeza linali fungo, la dothi lonyowa, limene tinali titaliiwala. Kenaka phokoso, ngati lole ikubwera patali pa msewu wa miyala. Ndinayang'ana kumene chikoti chinkaloza. Pa gulaye ya mtsinje, pamene pali mitengo ya mango, mchenga woyera unkadyedwa ndi chinthu chofiirira, chathovu, chokankha mapesi ndi zinyalala patsogolo pake. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo madzi ake anali atatipeza ife dzuwa likuswa mtengo. Amayi anali pansi pa mtsinjewo, makwerero ndinali nditazula ndine.

Sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji. Ndinangopezeka ndagwira mbali imodzi ya makwerero, mbali inayo chagwira chilombo, tikuthamanga nawo limodzi. Ine amene moyo wanga wonse sindinayandikirepo chinthu chotere ndinkamva kupuma kwake, wefuwefu, mkati mwa nthengamo. Tinawatsitsira m'dzenje.

"Amayi, kwerani! Madzi akubwera!"

Anakweza maso. Ataona nthenga pafupi ndi nkhope yanga anakuwa, anadzipinda pakona, n'kuvindikira mutu ndi beseni limene ankatungiramo madzi.

"Amayi, madzi!"

"Madzi ati dzuwa lonseli? Chakugwira eti? Chakuuza kuti undinamize?"

Chilombo chinabwerera m'mbuyo kuti asachione. Sizinathandize.

"Chikadalipo, ndikuchimva kupuma. Sindituluka ine mpaka chichoke."

Ndinawachonderera, ndinawalumbirira pa dzina la Juliet, ndinawakalipira mawu amene mwana sauza mayi ake. Iwo anayamba kupemphera mokweza kuti asandimve. Phokoso lija linali litakula moti mchenga unkanjenjemera kumapazi. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndimawadziwa Amayi, akati toto ndi toto.

Madzi oyamba anandikhudza m'zidendene, ozizira, onyamula timitengo. Anandidutsa n'kuyamba kutsikira m'dzenje mbali zonse, ndipo beseni lija linalira kuti ngwengwengwe. Pemphero linaduka. Amayi anachotsa beseni kumutu, anaona khoma la mchenga likusungunuka, ndipo anandiyang'ana ndi maso amene sindifuna kudzawaonanso.

"Fyness," anatero chapansipansi, "mwana wanga."

Anagwira makwerero, anaponda poyamba, pachiwiri bondo linakana, anagwa chagada m'madzi. Ndinaika phazi kuti nditsike, koma dzanja lamatope linandikankhira pambali. Chilombo chinatsika chokha, ndipo chisanalowe mutu chinachita chimene chilombo sichichita pamaso pa mkazi. Chinalankhula, ndi mawu a munthu wamba, otopa.

"Gwirani makwerero, amake Juliet. Musasiye."

Ndinagwada m'madzi n'kuwagwira. Pansipo madzi anali atafika m'chiuno. Chinawanyamula Amayi paphewa, iwo akukuwa, akumenya nthenga ndi zibakera, n'kuyamba kukwera. Makwerero ankamira mumchenga wofewa, kupendekera uku ndi uku, manja anga akutha mphamvu. Mutu wa Amayi utatulukira ndinasiya dala dzanja limodzi n'kuwagwira padzanja. Wina anawagwira kwinako. Anali Lonia, atabwerera, akulira ndi kutukwana nthawi imodzi. Tinawakoka ngati thumba la mtedza.

Madzi tsopano anali m'maondo ndipo ankakoka. Tinawakwekweza Amayi pakati pathu kulunjika kugombe, chitsa chinandigunda m'ntchafu, ndinagwa, ndinadzuka. Titangogwira udzu wa pagombe, madzi enieni anafika, aakulu, onyamula mitengo yathunthu ndi mbuzi yakufa. Tinakwawira pamwamba. Amayi anali amoyo, akutsokomola, akunjenjemera, ine nditawakumbatira osafuna kuwasiya.

"Nanga uja?" anafunsa Lonia.

Pamene panali dzenje panali madzi ozungulira basi. Makwerero anatulukira, anatembenuzika, n'kupita. Pambuyo pake panayandama mulu wa nthenga, wopanda munthu.

Lonia ndiye anamuona. Chakumunsi pang'ono, mbali yathu yomweyi, pali mkuyu umene mizu yake imalendewera mumtsinje. Munthu anali atakola pamenepo, madzi akumumenya pachifuwa, mutu uli pambalambanda. Anagwira muzu ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo anali ataphimba nalo kumaso.

Ndinamvetsa, ndipo ndinakwiya koopsa. Munthu akufa, koma akubisa nkhope chifukwa pagombe pali akazi atatu! Kwa anthu a gule chilombo si munthu, ndipo mkazi sayenera kudziwa amene ali mkati. Ndinakuwa kuti agwire ndi manja awiri, kuti za nkhopezo azisiye. Anangoweramitsa mutu mpaka madzi kumulowa m'kamwa. Dzanja logwira muzu lija linkaterereka ife tikuona.

"Tembenukani."

Anali Amayi. Anali ataimirira, sindidziwa ndi maondo ati, akumasula chitenje chawo.

"Ndati tembenukani, musamuyang'ane! Mukufuna afe? Bweretsani nsalu zanuzo."

Tinamasula zathu. Anazilumikiza zitatuzo ndi mfundo, anamangirira mwala kumapeto kwake. Tinapita pagombe la pamwamba pa mkuyu uja chobwerera m'mbuyo, nkhope zili kumudzi, misana kumtsinje. Amayi anaponya nsaluyo chambuyo, kudutsa paphewa.

"Bambo inu!" anakuwa. "Palibe akukuonani. Gwirani nsalu!"

Palibe chinachitika. Tinaikoka, yopepuka, tinaponyanso. Kachitatu inalemera mwadzidzidzi moti Lonia anakhala pansi. Tinaikoleka pamapewa n'kuyamba kuyenda, akazi atatu ovala mapitikoti, tikukoka ngati ng'ombe pa pulawo. Nsalu inkalira m'mfundo. Ine mumtima ndinkangoti ing'ambika, ing'ambika, chifukwa chitenje changa chinali chakale, chochapidwa mpaka kupyapyala. Khosi linkafuna kutembenuka lokha. Amayi anandigunda ndi chigongono osandiyang'ana n'komwe.

Kenaka nsalu inangoti lende. Tinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Tinaima pomwepo, nsalu yopanda kanthu m'manja, osadziwa ngati munthu watuluka kapena madzi amulanda. Kumbuyo kwathu kunali mkokomo wa mtsinje wokha. Ndikanatembenuka ndikanadziwa, koma ngati anali akadali pa muzu ndikanamubwezeranso dzanja kumaso. Sindinaopepo chotero chibadwire, ngakhale pamene Amayi anali m'dzenje, chifukwa apo panali chochita.

Munthu anatsokomola. Pafupi, pamtunda, kumbuyo kwathu kwenikweni. Anatsokomolanso, anasanza madzi, n'kumapuma mobuula. Ndinakhala pansi pamatope.

Amayi anamasula duku lawo, lokhalo limene linawatsalira, n'kuliponya chambuyo. Tinamva likutoledwa. Kenaka anagwada, maondo omwe aja, msana ulibe kutembenuka, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono monga amaombera kwa munthu wamkulu. Lonia ndi ine tinagwada nawo. Mapazi anayenda m'mapesi, olemera, akukoka mwendo umodzi, mpaka sanamvekenso.

Tinakhala choncho nthawi ndithu tisanatembenuke. Pamatope panali mapazi opanda nsapato ndi timadontho ta magazi tolowera kuminda.

Anthu atathamangira kumtsinje kudzaona madzi, anatipeza tikumasula mfundo za zitenje ndi mano. Mkulu wina wa mpingo wathu anafunsa Amayi kuti anatuluka bwanji m'dzenje, ndani anawathandiza. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa mawu a chilombo aja ndinali nditawazindikira, ndipo ndikudziwa kuti Amayi nawonso anawamva. Anapukuta madzi kumaso, anamuyang'ana mkuluyo osaphethira.

"Chilombo," anatero. "Chinachokera kumtunda."

"Inde, koma anali ndani?"

"Ndati chilombo, abambo. Simunamve?"